Mtukula Pakhomo, makuponi ndi mavoti: momwe umphawi umathera pamutu pa amayi

Mu 2006 boma la Malawi linayamba kuyesa chinthu chomwe ambiri ankati n'kutaya ndalama: kupatsa mabanja osaukitsitsa ndalama m'manja, osawagwiritsa ntchito, osawauzanso choti akagule. Kuyesaku kunayambira ku Mchinji mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo kwa zaka zingapo zoyambirira ndalama zake zinkachokera ku Global Fund kudzera ku National AIDS Commission. Sizodabwitsa kuti thumba la Edzi ndi lomwe linayambitsa ntchitoyi. Matendawa anali atasesa anthu a msinkhu wogwira khasu, m'midzi n'kutsala agogo aakazi ndi zidzukulu zambirimbiri, opanda wowalimira. Munthu wokhala yekha ankalandira K600 pamwezi, banja la anthu anayi kapena kuposerapo K1,800, ndipo pamwamba pake ankawonjezera K200 pa mwana aliyense wa ku pulayimale ndi K400 pa wa ku sekondale. Iyi ndi ndondomeko yomwe lero aliyense amaidziwa kuti Mtukula Pakhomo.

Pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Pa nthawiyo inkathandiza mabanja pafupifupi 300,000, anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo mwa mabanja 10 aliwonse olandira, pafupifupi 7 mutu wake ndi mayi. Choncho nkhani ya Mtukula Pakhomo ndi nkhani ya amayi. Kuti timvetse chifukwa chomwe thandizo logwira ntchito bwino chotere likadali laling'ono patatha zaka pafupifupi 20, tiyenera kuliyang'ana limodzi ndi ndondomeko inzake yodya ndalama zambiri, ya feteleza wotsika mtengo, n'kufunsa kuti pa ziwirizi ndi iti yomwe imabweretsa mavoti.

Mpanda wa 10 peresenti

Kuti banja lilowe, pamafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Likhale losaukitsitsa, lodya kamodzi patsiku kapena kugona ndi njala, lopanda chiweto kapena katundu woti lingagulitse. Likhalenso lopanda manja ogwira ntchito: musakhale munthu wathanzi wa zaka 19 mpaka 64, kapena ngati alipo akhale akusamalira anthu oposa atatu payekha. Kenako pali mpanda wina womwe suchokera pa umphawi wa munthu koma pa kuchepa kwa thumba. Pa mabanja 100 aliwonse amatengapo 10 okha.

Apa ndi pomwe masamu amakanika. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019/20 anapeza kuti 50.7 peresenti ya Amalawi ndi osauka, ndipo mmodzi mwa asanu aliwonse ndi wosaukitsitsa, woti ngakhale chakudya chokha sichimukwanira. Ndondomeko yoima pa 10 peresenti ndiye kuti imasiya dala anthu ambiri osaukitsitsa panja, osati chifukwa cha chinyengo cha wina, koma mwa kapangidwe kake.

Tsiku lowerenga mayina, anthu amasonkhana pansi pa mtengo kwa a gulupu, amayi atayala zitenje mbali yawo, abambo pamipando. Taganizirani agogo awiri amasiye oyandikana nyumba, onse madenga awo audzu odontha, onse chimanga chinawathera mu Okutobala. Woyamba amakhala ndi zidzukulu zinayi zazing'ono, dzina lake limveka. Wachiwiri ali ndi zidzukulu ziwiri komanso mnyamata wa zaka 20 amene anasiyira sukulu panjira, amangokhala pamsika kudikira ganyu wosabwera. Papepala banja limeneli lili ndi manja, ndiye latsala. Kuyambira tsiku limenelo moni pakati pa nyumba ziwirizi amachepa. Mudzamva kuti a mfumu analemba abale awo, ndipo nthawi zina zimakhala zoona. Mudzamvanso mawu omwe alangizi a boma anatopa nawo: tonse ndife osauka. Masiku ano mayina amachokera m'kaundula wa boma wa UBR, momwe amalemba zinthu monga mtundu wa denga, ziweto ndi katundu wa pakhomo, kompyuta n'kusanja mabanja. Zimenezi zinachepetsako mphamvu za mafumu, koma kompyuta nayonso imavutika kusiyanitsa anthu omwe kusiyana kwawo ndi nkhuku ziwiri.

Kodi ndalamazo zimathandizadi?

Pachiyambi anthu ankaopa kuti ndalama zithera ku kachasu, olandira achita ulesi, amayi ayamba kubereka dala kuti azilandira zambiri. Pakati pa 2013 ndi 2015, akatswiri a Centre for Social Research ya University of Malawi, University of North Carolina ndi UNICEF anatsatira mabanja masauzande angapo ku Salima ndi Mangochi, kuyerekeza midzi yomwe inayamba kulandira ndi yomwe inali isanayambe. Mantha aja sanapezeke kuti ndi oona. Mabanja olandira ankadya bwinoko, ana ambiri ankapita kusukulu, pakhomo panayamba kuoneka nkhuku, mbuzi ndi makasu atsopano. Chodabwitsa chinali chakuti pa K1 iliyonse yomwe banja linalandira, zomwe linkagwiritsa ntchito zinakwera ndi pafupifupi K1.69. Ndalama inabala inzake.

Imabala bwanji? Yankho lili pa ganyu, ndipo amene sakumvetsa ganyu sangamvetse umphawi wa kumudzi. Mvula yathu imabwera kamodzi pachaka. Ntchito yonse yofunika, kubzala, kupalira, kubandira, imagwera pakati pa Disembala ndi Febuluwale, miyezi yomweyo yomwe nkhokwe za osauka zimakhala zitauma. Mayi wopanda chakudya amadzuka m'bandakucha, mwana kumbuyo, kukapalira mizere ya munthu wina kuti madzulo abwere ndi mbale ya ufa kapena madeya. Munda wake ukudikira, udzu ukukula. Akamadzafika kwake, chimanga chachita kale chikasu. Mu Epulo akolola timatumba tochepa, tina n'kubweza kwa wakatapila amene anamubwereka mu Januwale, ndipo chaka chamawa nkhokwe idzauma msanga kuposa chaka chino. Ndalama ya Mtukula Pakhomo, ngakhale ili yochepa, imamugulira masiku oti akhale m'munda wake pa nthawi yomwe munda ukumufuna. Ena amaikako pang'ono ku banki m'khonde, n'kubwerekako mpamba wa geni ya tomato kapena zitumbuwa, pa chiwongola dzanja chomwe pamapeto pa chaka amagawana okhaokha.

Pa nkhani ya atsikana, umboni wodziwika padziko lonse unachokera ku Zomba. Mu 2008 ndi 2009, akatswiri anapereka ndalama kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Gulu lina linkalandira pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu, gulu lina linkalandira popanda lamulo. Oikiridwa lamulo aja anachita bwino pa sukulu. Koma pa kuchepetsa mimba ndi maukwati, omwe anapambana ndi opanda lamulo, chifukwa mtsikana wosiya sukulu, amene ndiye ali pafupi kwambiri ndi ukwati, ankapitirizabe kulandira m'malo mochotsedwa pa nthawi yomwe akufunitsitsa thandizo. Atabwereranso patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, akatswiriwo anapeza kuti phindu lambiri linali litazilala. Ena amatenga mfundoyi ngati umboni woti ndalama sizithandiza. Ine ndimaiona mwina: ndalama ya zaka ziwiri singapange ntchito zomwe kulibe, ndipo mtsikana akabwerera mu umphawi womwewo amakumana ndi zisankho zomwezo.

Ndalamazo n'zandani?

Ngati umboni uli poyera chonchi, bwanji ndondomekoyi sikukula? Chifukwa choyamba n'chakuti ndalama zake zoposa 90 peresenti zimachokera kunja. World Bank, dziko la Germany kudzera ku banki yake ya KfW, European Union ndi Ireland anagawana maboma, ndipo boma la Malawi kwa zaka zambiri lakhala likulipira boma limodzi lokha, la Thyolo.

Kagawidwe kotere kanazika mizu pambuyo pa Cashgate. Mu Seputembala 2013, a Paul Mphwiyo, omwe anali mkulu woona za bajeti, atawomberedwa, zinaululika kuti mabiliyoni a makwacha ankatuluka ku Capital Hill kulipira katundu ndi ntchito zomwe sizinachitike. Maiko otithandiza, omwe nthawiyo ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anasiya kuika ndalama m'thumba la boma. Thandizo linapitirira koma kudzera m'mapulojekiti, iliyonse ndi akaunti yake, malamulo ake ndi tsiku lake lothera. Ubwino wake ndi woti ndalama za agogo zinatetezeka ku manja ataliatali. Kuipa kwake ndi koti tsogolo la Mtukula Pakhomo limakambidwa ku Washington, Berlin, Brussels ndi Dublin kuposa m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Akuluakulu anati khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Tinaona mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo la USAID: ntchito zambiri za umoyo, makamaka za Edzi ndi uchembere, zinagwedezeka m'masabata ochepa. America siinali pakati pa olipira akuluakulu a Mtukula Pakhomo, koma aliyense anaona kuti chisankho cha m'dziko lina chingatseke chitseko m'mudzi wa kuno.

Chifukwa chiyani feteleza amapambana

Sikuti boma lilibiretu ndalama zothandizira osauka. Lili nazo, koma limaziika kwina. Kuchokera pa Starter Pack ya a Bakili Muluzi mu 1998, thandizo la zipangizo zaulimi lakhala mtima wa ndale za dziko lino. Njala ya 2002, yomwe inafika chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, inasiya chilonda chomwe wandale aliyense amachikumbukira: Mmalawi angakhululuke zambiri koma osati kusowa kwa nsima. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika, atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, anali ndi aphungu ochepa m'Nyumba ya Malamulo ndipo ankafuna njira yofikira anthu mwachindunji. Anayambitsa ndondomeko ya makuponi, FISP, ngakhale otithandiza ambiri sankaifuna: matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50 ndi mbewu pa mtengo wotsika. Mvula inagwa bwino, chimanga chinachuluka, ndipo mu 2009 anapambana ndi pafupifupi 66 peresenti ya mavoti. M'chaka cha 2008/09, chisankho chili pafupi komanso mitengo ya feteleza itakwera padziko lonse, makuponi anadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse ya dziko.

Phunzirolo aliyense analimva. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse unalonjeza feteleza wa K4,495 pa thumba ndi kudya katatu patsiku. A Lazarus Chakwera atalowa, ndondomeko yatsopano ya feteleza wotsika mtengo, AIP, inayamba ndi alimi pafupifupi 3.8 miliyoni. Thumba la boma silinapirire. Pofika 2022 mtengo wa mlimi unali K15,000, ndipo chiwerengero cha opindula chinkatsika chaka ndi chaka mpaka kuchepera theka la poyamba, pomwe feteleza wa m'sitolo anadutsa K100,000 pa thumba. Mu 2022 momwemo zinaululika kuti K750 miliyoni zinalipidwa ku kampani ina ya ku UK yomwe ntchito yake inali ya nyama osati feteleza, nduna ya zaulimi n'kuchotsedwa.

Feteleza ali ndi zonse zomwe wandale amafuna. Amafika kwa ovota mamiliyoni, amakhazikitsidwa pa msonkhano wa mtsogoleri ndi magule, ndipo kumbuyo kwake kuli makontilakiti a ogula kunja ndi a magalimoto onyamula. Mtukula Pakhomo amafika kwa gogo amene alibe gulu lomulankhulira, ndipo njira ya ndalama yake ndi yowongoka, yopanda malo ambiri onyambitirapo. N'chifukwa chake yadutsa m'maboma a Bingu wa Mutharika, Joyce Banda, Peter Mutharika ndi Lazarus Chakwera osaphedwa, pomwe ndondomeko zomangidwa pa dzina la mtsogoleri, monga ng'ombe imodzi pa banja ya a Banda kapena malata ndi simenti zotsika mtengo za a Peter Mutharika, zinafota eni ake atachoka pampando. Palibe chipani chomwe chimaitcha yake, ndiye palibe choipha. Koma pa chifukwa chomwecho palibenso choimenyera nkhondo pa nthawi yogawa bajeti.

Nanga feteleza wotsika mtengoyo amamufika mayi wosauka? Kuti apindule naye, pamafunika munda, manja olima, ndalama yowombolera matumba, chiphaso cha unzika, ndi masiku ogona pamzere kudepoti kudikira galimoto kapena netiweki. Mayi amene ali yekha ndi ana alibe wowasiyira, ndipo tsiku lililonse pamzere ndi tsiku lopanda ganyu. Mavenda amadziwa zimenezi. Amafika ndi ndalama m'manja, kugula kuponi kapena kubwereka chiphaso, mayi n'kugula ufa wa sabata imodzi, feteleza n'kukathera m'munda wa munthu amene akanatha kugula yekha. Kafukufuku angapo wa zaka za FISP anapeza kuti mabanja opezako bwino ndi omwe ankalandira feteleza wambiri, ndipo otsogoleredwa ndi amayi ankalandira wochepa. M'midzi yambiri a mfumu ankangolamula kuti thumba ligawidwe pakati pa mabanja angapo pofuna mtendere, aliyense n'kupeza kachidebe kosakwanira munda.

Kwacha ikagwa

Pali msonkho wina womwe osauka amalipira popanda kuulengeza. Mu Meyi 2012 kwacha inatsika kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu Meyi 2022 inatsikanso ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, boma likufuna ngongole ya IMF. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, ya chakudya kuposa apo. Akatswiri amati kuti thandizo la ndalama lisinthe moyo wa banja, lisachepere gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe banjalo limagwiritsa ntchito. Koma ndalama ya Mtukula Pakhomo simakwera yokha mitengo ikakwera. Imadikira kuti boma ndi olipira onse akhale pansi agwirizane, zomwe zimatenga zaka, pomwe mtengo wa sopo, mchere ndi chigayo umasintha m'sabata imodzi. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linali litadutsa K50,000 kalekale, ndalama yomwe banja lolandira silikanaipeza ngakhale litasunga za miyezi ingapo osagula kanthu.

Pamwamba pa izi panabwera Namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa ndi oposa 650,000 opanda pokhala m'chigawo chakummwera. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za tsoka m'maboma 23 mwa 28, anthu 5.7 miliyoni n'kufuna chakudya. Pa nthawi ngati izi kaundula wa Mtukula Pakhomo wakhala wothandiza, chifukwa m'maboma ena ndalama zoonjezera za nyengo ya njala zimadutsa m'njira yomweyo m'malo moyamba kulemba mayina mwatsopano.

M'tauni nkhani ndi ina. Mtukula Pakhomo ndi wa kumudzi makamaka. Mayi wa ku Ndirande kapena Mtandire amagula ufa wa tsiku limodzi m'kajumbo, makala a kamulu, mafuta ophikira a m'kachubu, ndipo wogula pang'onopang'ono amalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba lonse. Thandizo lomwe lafikapo m'mizinda lakhala la kanthawi kochepa, monga la nthawi ya Covid-19, K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu. Mu Febuluwale 2025, amene anadzaza misewu ya Lilongwe kupita ku Nyumba ya Malamulo anali ogulitsa kaunjika, ambiri mwa iwo amayi, mtengo wa mabelo utakwera mosaneneka chifukwa cha kusowa kwa madola.

Boma likapanikizika, ntchito yomwe lalephera kuchita sitha, imangosamukira kunyumba. Mjigo ukawonongeka, woyenda mtunda ndi ndowa ndi mayi kapena mtsikana. Chipatala cha boma ndi chaulere, koma mankhwala akatha wodwala amauzidwa kukagula ku famase, ndipo anamwino akachepa, wosambitsa ndi kudyetsa wodwala ndi gadiyani. Pitani ku khitchini ya magadiyani pa chipatala chilichonse chachikulu muwerenge kuti abambo alipo angati pakati pa mapoto ndi nkhuni zija. Mayi amene wakhala masabata atatu kumeneko mu Januwale wataya chaka chonse cha ulimi, ndipo palibe bajeti yomwe imalemba kutaya kumeneko.

Mtsikana, ukwati ndi munda

Banja likasowa pogwira, mwana wamkazi ndiye amakhala poyamba kulipira. Sukulu ya pulayimale yakhala yaulere kuyambira 1994, pomwe chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, koma yunifolomu ndi makope sizaulere. Atsikana pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse amakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, boma linawerengera mimba za atsikana zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa. Timakonda kunena kuti ndi chikhalidwe, ndipo chikhalidwe chilipodi. Koma kholo lomwe likukwatitsa mwana wa Sitandade 7 nthawi zambiri likuwerengera pakamwa pamodzi pochoka pa mbale, ndi mkamwini wobwera ndi khasu kapena ndalama.

Pa malamulo dziko lino silili m'mbuyo. La 2011 la chuma cha masiye linapanga kulanda katundu wa mayi wamasiye kukhala mlandu. La maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti atseke mpata womwe unkalola makolo kukwatitsa mwana wa zaka 15. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inatchuka padziko lonse pothetsa mazana a maukwati a ana ndi kuimitsa mafumu ake omwe ankawaloleza. Funso lomwe limatsala ukwati ukathetsedwa ndi lakuti mtsikanayo, kawirikawiri ali ndi khanda m'manja, adya chiyani ndipo fizi alipira ndani. Njala yomwe inamutulutsa pakhomo amaipeza ikumudikira.

Nkhani ya munda imasiyana ndi dera. Kumpoto ndi ku Lower Shire, komwe mkazi amapita kwa mwamuna, imfa ya bambo kapena kutha kwa banja kungamusiye mayi wopanda polima. M'madera a chikamwini a pakati ndi kummwera munda ndi wa mkazi ndi abale ake, zomwe zimamuteteza, koma kutetezako kuli ndi mbali ina: banja likavuta, bambo amanyamula chikwama n'kubwerera kwawo, ana onse n'kutsala ndi mayi. Ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay onjezeranipo amuna opita ku Joni, ena otumiza ndalama ndi malata, ena otchona osamvekanso. Lamulo limati bambo asamalire ana ake ndipo khoti lingamulamule kutero, koma kulondola munthu wopanda malipiro a pamwezi, kapena amene ali kutsidya la malire, n'kovuta kwa mayi wosowa ndi ndalama ya kabaza yopitira kukhoti. Pafupifupi banja limodzi mwa atatu m'dziko muno mutu wake ndi mayi.

Ovina ambiri, ogawa bajeti ochepa

Amayi ndi oposa theka la ovota, ndiye wina angayembekezere kuti nkhani zawo zizikhala patsogolo. Ndale zathu zinawapatsa malo ena. Kamuzu Banda ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse, mbumba zake zikuvina pa misonkhano zitavala nsalu za nkhope yake, ndipo mu 1985 panabadwa bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi. Zipani zambiri zitabwera mu 1994, mtundu wa nsalu unasintha koma ntchito inakhala yomweyo: kuimba, kuvina, kulandira chitenje ndi kandalama ka sopo. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa ovota, koma amene anaonapo kampeni akudziwa kuti manja sanasiye kutambasuka. Sindingamunyoze mayi wolandira chitenjecho. Pa zonse zomwe wandale amalonjeza, chimenecho chokha ndi chomwe amachigwira m'manja.

M'Nyumba ya Malamulo yosankhidwa mu 2019, aphungu aakazi sanafike gawo limodzi mwa magawo anayi. Kupikisana kumafuna ndalama zambiri, chifukwa phungu wa kuno amayembekezeredwa kugula mabokosi a maliro, kulipira fizi ndi kunyamula odwala pa galimoto yake. Ndiko kunena kuti thandizo lomwe likanakhala ufulu wa nzika limasanduka chifundo cha munthu, ndipo wandale amene anthu amamudalira motere alibe chifukwa chofulumira kumanga ndondomeko yoti anthu asamamufunenso.

Mkati mwa boma ndi mabungwe, kukambirana kwa zaka zaposachedwa kwakhala pa kusintha kasankhidwe. Lamulo lakuti banja likhale lopanda manja linapangidwira nthawi ya Edzi, ndipo limasiya panja gulu lalikulu la amayi osauka: a zaka za m'ma 20 ndi 30, athanzi, okhala ndi ana aang'ono awiri kapena atatu. Mabanja a Mtukula Pakhomo amakhala ndi okalamba ndi ana okulirapo ambiri koma makanda ochepa, m'dziko lomwe mwana mmodzi mwa atatu osakwana zaka zisanu ndi wopinimbira. N'chifukwa chake ku Thyolo anayesa njira yosankha potengera magulu ooneka ndi maso, monga mabanja okhala ndi okalamba, olumala, makanda kapena otsogoleredwa ndi ana. Njira imeneyi imachepetsa mikangano ya pansi pa mtengo ija, poti msinkhu wa munthu sufuna kompyuta kuti uweruzidwe, koma imafuna ndalama zambiri chifukwa oyenera amachuluka. Dongosolo la boma la 2022 mpaka 2027 linaika cholinga chokweza mpanda kuchoka pa 10 kufika pa 15 peresenti ya mabanja, ndi kuti gawo lolipiridwa ndi boma la Malawi likule. Ngakhale cholinga chimenechi chitakwaniritsidwa chonse, chidzakhalabe pansi pa 20 peresenti ya Amalawi omwe anapezeka kuti ndi osaukitsitsa mu 2019/20, kwacha isanagwe kawiri, Freddy ndi El Niño asanabwere.